Chidindo cha Mang Tiburcio

Mang Tiburcio, mlembi wa ofesi ya barangay yathu, ndiye kuti dera lathu, sankadinda pepala la chinthu chimene sanachione ndi maso awo. Chidindocho ankachimangirira m'chiuno ndi chingwe cha nsapato, ndipo akazi awo, Aling Saling, ankalumbira kuti ngakhale kubafa ankapita nacho.

Ine ndemwe ndinaona nawo zakuda. Madzi osefukira atandiphera nkhumba, ndinapita kuti andidindire kalata yopempha thandizo.

"Nkhumbayo ili kuti?"

"Tinadya, Mang Tiburcio. Mumati titaye?"

"Ndiye tiyeni mukandionetse mafupa."

Tinayenda dzuwa likuswa mtengo, n'kukalimbirana chibwano cha nkhumba ndi galu wanga. Mkuluyo anachitembenuza uku ndi uku, kuchinunkhiza, kenako pha! kudinda. Ndinawatukwana chamumtima sabata yathunthu. Komatu kutauni atangoona chidindocho sanandifunse kanthu, anangondipatsa kamwana ka nkhumba.

Chaka cha chisankho, Kapitan, mkulu wa dera lathu, anabwera ndi pepala loti chitsime chatsopano chatha kukumbidwa.

"Dindani apa, achimwene, alendo akubwera mawa."

"Madzi akutuluka?"

"Adzatuluka."

"Nanenso ndidzadinda."

"Ntchitoyitu ikutherani!"

Mawa lake pamwambo wotsegulira chitsimecho, Mang Tiburcio anatulukira ndi ndowa ndi kapu. Alendo akuona, anatsitsa ndowa m'chitsimemo, n'kuvuula fumbi ndi chule wouma. Anatapa fumbilo m'kapu, n'kupereka ndi manja awiri.

"Yambani ndinu, Kapitan."

Anawachotsa ntchito tsiku lomwelo. Ifenso tinasiya kuponda kuofesi, poti chidindo chatsopano ndani akanachikhulupirira? Patatha milungu itatu chitsime chinatulutsa madzi, ndipo Kapitan anapita yekha kukawanyengerera kuti abwerere.

Mang Tiburcio atamwalira chaka chatha, Aling Saling anapita kukatenga kalata yotsimikiza za imfayo. Mlembi watsopano anadinda mayiwo asanamalize n'kufotokoza komwe.

"Mwawaona?" anafunsa Aling Saling.

"Ndakukhulupirirani, mayi."

"Nanga ndikakhala kuti ndikunama?"

Anamukoka dzanja mpaka kunyumba, n'kumuimika pafupi ndi bokosi. Mlembiyo atasuzumira n'kugwedeza mutu, m'pamene Aling Saling anayamba kulira.

Ndimawasowa kwambiri, mkulu wovuta uja. Masiku ano kuofesi kulibenso mzere, chilichonse amadinda pompopompo, ndipo kutauni ayambiranso kutifunsa kuti nkhumbayo ili kuti.