Milu isanu ya m'munda mwa ababa

Lolemba
Tchuthi chayamba. Ntchito ya sabata ino: kulembera kalata a Dotolo, amene anandiphunzitsa mbiri ku univesidade. Buku lawo likuti milu isanu ya miyala ya m'munda mwathu ku Nsadzo ndi pamene makolo akale ankathira nsembe za mvula. Zoona zake: anaiunjika ndi ababa ndi malemu amayi polambula munda, titabwerako ku Zambia kothawa nkhondo. Ndinaona ndi maso angawa! Kope latsopano, zolembera ziwiri.

Lachiwiri
Ndikuwerenga akatswiri ena amene analembapo. Wachiwiri akutchula a Dotolo. Wachitatu akutchula wachiwiri. Wachinayi akungoti "monga aliyense akudziwa." Amene anapondako kumundako: a Dotolo okha, masana amodzi. Ndakumbukanso kuti pa polova yomaliza, mayeso otsiriza aja, nane ndinayankha za nsembe zomwezo, n'kukhoza kuposa anzanga onse. Kalata yafika pa "Okondedwa a Dotolo."

Lachitatu
Pa mota, njinga yamoto, mpaka ku Nsadzo, fumbi m'makutu. Ndikufunsa ababa zimene anawauza a Dotolo atabwera kumunda. Akuti: "Iwo anafunsa okha kuti, si pansembe pano? Munthu wachokera kutali, wapsa ndi dzuwa, wavulira miyala yanga chipewa. Iwe ukanati iyayi?" Ndiye anayankha bwanji? "Mwaona bwino." Mawu awiri, mabuku anayi!

Lachinayi
Kusaka mboni.
A Nachisale, amene anathandiza kusenza miyalayo: akuti pamenepo sipatoledwa nkhuni, mpoopsa.
Abusa a Ziyoni: anadzathamangitsapo mizimu chaka chatha, akuti inachokadi.
Ana a shikola, ophunzira: amabwera chaka chilichonse kudzaona. Amene anayambitsa maulendowo ndi mphunzitsi wina wakhama. Ine.

Lachisanu
Ndaimbira mnzanga wa ku univesidade. Akuti a Dotolo shuga wawamaliza, maso sakuonanso bwino. "Milu ija ndiyo dzina lawo, achimwene. Dikirani kaye." Kudikira chiyani sananene, nanenso sindinafunse. Kalata ili ndi ziganizo zitatu tsopano. Ziwiri n'zofunsa za moyo wawo.

Loweruka
Ndikuwawerengera ababa kalatayo. Kenako alowa m'nyumba, atuluka ndi buku la a Dotolo lija, lokulunga m'nsalu ya amayi. Chipwitikizi sawerenga, koma bukulo limatseguka lokha patsamba limodzi. Chithunzi: mulu wa miyala, amayi ataima pambali, khasu paphewa, akuseka. Pansi pake palembedwa kuti ndi wosunga malo opatulika. Chithunzi chawo china tilibe.
"Nanga akamva kuti ndi miyala wamba, posindikiza lina amayi ako awachotsamo?"
Ndayankha kuti sindikudziwa. Ndikudziwa.

Lamulungu
Pepala la kalata ababa akulungamo njere za maungu, akuti n'lolimba bwino. Potuluka m'tchalitchi tadzera kumunda. Atola mwala pamzere, andipatsa: "Ponya apo, ungadzabunthitse khasu." Ndaponya pamulu wachitatu, pamene amayi anaima. Malo a makolo akula ndi mwala umodzi. Katswiri wachisanu adzalemba kuti mwambowu ukupitirira mpaka lero. Ameneyo sindidzamulembera kalata.