Bambo Zebedee ndi Zitupa za Mababu

Ku Mufakose kunalibe munthu woopa chinthu chopanda pepala ngati malemu Bambo Zebedee. Anthu ankati ngakhale nkhuku yodutsa pakhomo pawo ankaifunsa chitupa. Chifukwa chake chinalipo. Makolo awo anachokera ku Malawi, iwo anabadwira pa famu ya fodya, ndipo pothamangitsidwa kumeneko anauzidwa kuti mapepala awo sakusonyeza kuti ndi a kuno.

M'tauni muno, iwo ndi akazi awo, Mayi Paulina, ankagulitsa mababu pathebulo pafupi ndi pokwerera makombi, maminibasi a kuno. Boma litaletsa mababu akale odya magetsi ambiri, kunamveka kuti oyendera malonda akulanda mababu opanda chikalata chosonyeza kuti sawononga magetsi. Mayi Paulina mtima unali m'mwamba, pakuti moyo wawo wonse unali m'katoni imodzi.

Bambo Zebedee anakakhala khale pakhomo pa Laston, amene ankawaodetsa mababuwo, mpaka chikalata chinatuluka. Koma anabwera nacho nkhope itagwa.

"Pepala limodzi, mababu katoni yonse," anatero. "Ku famu belo lililonse linali ndi tikiti yake."

"Bambo, Laston wati limodzi likwanira."

"Nanga babu akaligwira lili lokha m'nyumba ya eni ake, Laston adzakhalapo?"

Kuyambira pamenepo babu lililonse linkachoka ndi fotokope yake, yomangirira ndi ulusi. Tsoka ilo, chaka chimenecho magetsi ankathima tsiku lonse, makina a fotokope ali zii. Mapepala akatha, malonda ankaima.

Tsiku lina kunabwera Mayi Lidiya a kwaya yathu.

"Ndipatseni babu limodzi, a Zebedee."

"Otsalawa alibe zitupa, mayi."

"Ndikalipachika kuchipinda kwanga. Sindikupita nalo ku Joni."

"Ifenso tinkati tili kwathu."

Mayi Lidiya anakagula kwina. Mayi Paulina anayang'ana katoni yosaphwayo, n'kupemphera chamumtima kuti Mulungu abweze magetsi kapena afewetse mutu wa amuna awo, chilichonse chimene chingafulumire.

Ngakhale kutchalitchi Bambo Zebedee sankapuma. Lamlungu lina anakana kukhala pansi pa babu latsopano limene abusa sanadziwe kumene linagulidwa, ndipo ulaliki wonse anaumvera ataima pakhomo. Kumsika ankavala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, ati oyendera asawapeze ngati munthu wongotoledwa. Galimoto iliyonse yachilendo ikaima, Mayi Paulina ankakokera katoni pafupi, pamene amuna awo ankakonza kolala.

Bambo Zebedee anadwala m'nyengo yozizira, ndipo anatisiya oyenderawo asanafike.

Oyenderawo anafika Mayi Paulina atangobwerera pathebulo, akadali m'zakuda. Mababu a anzawo anali kuponyedwa m'lole. Woyendera wina anaima patsogolo pawo, ndipo iwo anampatsa babu ndi pepala lake likulendewera. Munthuyo anangoponyapo diso, n'kugwedeza mutu, n'kupitirira. Katoni inatsala. Koma Mayi Paulina anafuna kumuitana kuti abwerere, awerenge bwinobwino mapepala onsewo, limodzi limodzi, monga amuna awo ankayembekezera.

Masiku ano pathebulo paja malonda amayenda msanga, popanda mkangano. Komabe ogula akale akalandira babu sachoka pomwepo. Amaima pang'ono, babu lili m'manja, ngati akudikira kuti wina awakanize.