Hiti ya Kwini

Pepani awerengi, ine si mlembi. Sukulu yanga yambiri ndi ya kumudzi ku Lupembe, ndipo Chichewa changa chimakhota pena ndi pena. Ndalimba mtima chifukwa ena akufalitsa kuti ndinachita dala. Sindinachite dala. Ndinkafuna kuthandiza, ndipo tsoka linalowera pomwepo.

Chaka chomwe ndinkabwereza Fomu 4 ndinkakhala kwa aphunzitsi athu a Chingerezi ku Mlare, bambo Kachingwe a ku Dedza. Tonse tinkangowatchula kuti Sala. Iwo ndi Madamu, akazi awo, anandipatsa kachipinda, ine n'kumasesa ndi kutunga madzi. Akanandithamangitsa, sukulu ikanathera pomwepo, poti kwathu n'kosayendeka tsiku ndi tsiku.

Sala anali ndi galu wamkazi wachizungu, wamakutu oimirira, dzina lake Kwini. Anali ndi khola la waya, khadi la katemera ndi mbale yakeyake (yake yachitsulo, yanga yapulasitiki). Nanenso ndinali ndi galu, Tiwonenge, amene ananditsatira kuchokera kumudzi n'kukana kubwerera. Anali wofiirira, nthiti zowerengeka, ndi banga loyera pamphumi.

“Wakoyu ndi wongosangalatsa mtima,” Sala ankatero. “Kwanu galu akaswa mumatani?”

“Timagawa, Sala. Wina amathokoza ndi nkhuku.”

“Waona? Wangayu ndi bizinesi. Ana ake ali ndi eni ake asanabadwe. Anthu amagula mtundu, iwe, osati galu.”

Pa tchuthi cha anakubala, mu Okotobala, Sala ndi Madamu ananyamuka kukaona amayi awo ku Dedza. Minibasi ikuliza hutala pamsewu, Sala anatembenuka.

“Kwini ali pa hiti. Umuyang'anire bwino. Ndikangobwera ndipita naye ku Mzuzu.”

“Chabwino, Sala.”

Sindinafunse. Ungafunse bwanji tanthauzo la mawu kwa munthu amene amakuchonga Chingerezi? Komanso mawuwo ndinkawadziwa. Hiti ndi kutentha, tinaphunzira ku pulayimale. Ndipo zonse zinkagwirizana: Okotobala wa ku Karonga amatentha mpaka phula kufewa, Kwini ndi waubweya wambiri, ndipo ku Mzuzu n'kozizira. Ndinati mumtima, koma Sala amamukonda galuyu, mpaka kukamuziziritsa ku Mzuzu!

Tsiku loyamba ndinamuthira madzi. Lachiwiri ndinafunditsa khola ndi masamba a nthochi, koma ankangolirabe n'kumakanda waya. Agalu aamuna a m'deramo anali atazungulira mpanda, Tiwonenge ali patsogolo (ine, mwana wokulira ndi agalu, ndinkati abwera kudzaona mzungu). Lachitatu masana lilime la Kwini linali panja lonse. Ndinaopa kuti afera m'manja mwanga. Ndinathamangitsa agalu achilendo aja ndi miyala, n'kumutulutsa, n'kumumangirira pamthunzi wa mango. Tiwonenge ndinamusiya, poti ndi wapakhomo. Kenako ndinathamangira kumjigo kukatunga madzi ozizira.

Pobwera ndinapeza awiriwo atamatirana, wina akuyang'ana kum'mawa, wina kumadzulo.

Ndowa inagwa yokha. Apo ndi pamene ndinamvetsa Chingerezi.

Sala atabwera anafunsa, “Zinayenda bwino?”

“Bwino, Sala.”

Mawa lake anapitadi naye ku Mzuzu, kwa galu wamphongo wokhala ndi mapepala a mtundu wake. Anabwera akuimba mluzu. Ndinafika pakhomo la chipinda chochezera kawiri kuti ndiulule, koma kawiri konse ndinangofunsa ngati akufuna madzi osamba.

Galu amatenga miyezi iwiri kuti aswe. Ndikuuzeni, ndi miyezi yaitali. Mimba ya Kwini ikukula, ine ndikuwonda. Anthu ofuna ana aja ankabwera kudzamuona: wapolisi wina, nesi wa ku chipatala, mwini golosale. Wapolisiyo anandigwira phewa n'kunena kuti, “Mphwanga, undisamalire wanga wamphongo.” Dzanja lake linali lolemera. Ndinayesa kubweza Tiwonenge ku Lupembe kuti umboni uchoke pakhomo, koma m'mawa mwake ndinamupeza wagona pafupi ndi khola ngati mkamwini wodziwa udindo wake.

Madamu anayamba kundiyang'anitsitsa. “Iwe, bwanji sukudya? Kapena wapereka mimba kusukuluko?”

“Ine ayi, Madamu.”

“Nanga ndani?”

Ndinatsamwa ndi mpunga.

Kwini anaswa m'mawa wina mu Disembala, ndikusesa pabwalo. Sala anagwada pakhola, foni ili m'manja kuti ajambule. Anatulutsa kamwana koyamba. Kofiirira, banga loyera pamphumi.

“Ena amabadwa chonchi, mtundu umasintha akamakula,” anatero, koma mawu awo anali atachepa.

Kachiwiri, banga. Kachitatu, banga. Mpaka kachisanu ndi chimodzi, banga lomwelo. Nthawi yomweyo Tiwonenge anabwera, n'kukhala pansi pambali pawo, akugwedeza mchira, mphumi ili poyera.

Sala anayang'ana galu, n'kuyang'ana ine. Ndinagwada tsache lili m'manja. Ndinafotokoza zonse: madzi, masamba a nthochi, mthunzi wa mango.

“Ndinakuuza kuti ali pa hiti!”

“Eya, Sala. N'chifukwa chake ndinamutulutsa kuti apitidwe mphepo.”

“Nanga Mzuzu? Unkaganiza kuti tikukatani ku Mzuzu?”

“N'kozizira, Sala.”

Madamu anakhala pansi pakhonde, akuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Sala sanaseke. Analowa m'nyumba, ndipo ndinawamva akuimbira anthu aja mmodzimmodzi, akupepesa. Ine ndinapita kukapinda zovala zanga. Chikwama chili paphewa, ndinawapeza aima pakhomo.

“Ukupita kuti?”

“Kwathu, Sala.”

“Undisiyire ana ako asanu ndi mmodzi? Bwerera. Mawuwo sindikukuimba nawo mlandu, wokuphunzitsa Chingerezi ndine. Chimene chandipweteka ndi miyezi iwiri ija, ukundiona ndikulonjeza anthu iwe uli chete. Uwalera wekha, ndipo uwapezera kopita wekha.”

Mawu amenewo anandiwawa kuposa kuthamangitsidwa.

Ana a Kwini atasiya kuyamwa ndinkawanyamula m'katoni panjinga kupita nawo ku Lupembe. Kumeneko palibe amene anafunsa za mapepala. Anthu ankachita kulimbirana, akuti ana a Tiwonenge ndi mzungu. “Yewo chomene,” aliyense ankatero, n'kundipatsa nkhuku. Zonse ndinkakapereka kwa Sala. Yomaliza itafika anaziwerenga ndi maso zikupalasa pafupi ndi khola la Kwini.

“Ndinkafuna bizinesi ya agalu,” anatero, “wandiyambitsa ya nkhuku.”

Masiku ano ndikapanda kumva mawu ndimafunsa. Tiwonenge yekha ndiye sanaphunzirepo kanthu, amagonabe pafupi ndi waya. Mwana wake womaliza anachoka pakhomo pa 14 Febuluwale, tsiku la okondana.