Mmene Ndinaphunzitsira Apongozi Ndili Kuseri kwa Shelefu

Ine amene ndikulemba nkhani ino, ndipo dzina langa ndalisunga pa zifukwa zimene zioneke m'munsimu, ndikufuna kudziwitsa owerenga onse olemekezeka za chiyambi cha chipsera chimene chili pamphumi panga. Ndikuchita izi pofuna kuthetsa mphekesera imene yafala pamsika wa Mwanza yoti ndinamenyedwa ndi apongozi anga. Chonde dziwani kuti apongozi anga sanandimenye. Chimene chinachitika n'choposa pamenepo, ndipo nthawi zina ndimalakalaka akanangondimenya.

Poyamba ndifotokoze za ine mwini. Sukulu ndinalekezera panjira, koma ndinagwira ntchito ya umesenjala zaka zambiri mu ofesi ina yokonza mapepala a katundu ku chipata cha Mwanza. Makalata amene ndinkatumidwa kukapereka ndinkawawerenga m'njira (osamata okha, zimenezi zidziwike), ndipo m'menemo ndi mmene ndinaphunzirira kulemba ndi kuyankhula mwadongosolo. Akazi anga, mayi a Tadala, amati ngakhale popempha mchere ndimayamba ndi mawu akuti "malinga ndi". Sindikutsutsa.

Chotero pamene laibulale yaing'ono ya m'dera lathu inalengeza kuti ikuyambitsa kalasi ya akuluakulu ofuna kuphunzira kuwerenga, ndi kuti pakufunika munthu wodzipereka, ndinafunsira udindowo mosazengereza. Ndinasankhidwa ndi mtima umodzi (panalibe wina amene anafunsira). Woyang'anira laibulaleyo, Mayi Kamwendo, anandipatsa choko, bolodi, ndi mabenchi m'ngodya ya chipinda, pafupi ndi shelefu yaitali ya mabuku a zaulimi. Ophunzira anabwera: amayi ogulitsa pamsewu, abambo a makabaza, ndi a Jumbe ogulitsa zitenje pa boma, munthu amene pakamwa pake sipadziwa tchuthi. Zonse zinkayenda bwino, ndipo ena anayamba kunditcha aphunzitsi ngakhale ku chigayo.

Pano ndiyenera kutchula nkhani ya mwambo. Amalume amene anandilera anandilangiza kuti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi, sayankhula nawo maso ndi maso, ndipo sawakhudza. Langizo limeneli ndalisunga chikwatirire. Tikakumana panjira ndimapatukira m'chimanga, ndipo nyengo imene kulibe chimanga ndimapatukira m'chimene chilipo (tsiku lina chimene chinalipo chinali chitedze). Uthenga uliwonse wa pakati pathu unkadzera mwa akazi anga.

Ndiye masana ena, ndili mkati mofotokoza kusiyana kwa "b" ndi "d", chitseko chinatseguka. Ndinaona phazi, kenako chitenje chimene ndinagula ndekha pa Khirisimasi. Apongozi anga analowa, anatsamiza dengu lawo la manachesi pakhoma, n'kukhala pa benchi ya kutsogolo, pamalo amene ndikanatha kuwalavulira malovu potchula "p".

Ndinatembenukira ku bolodi nthawi yomweyo, ndipo sindinachewukenso mpaka phunziro linatha. Ndinkalemba, ndinkafunsa mafunso, ndinkayamikira oyankha bwino, zonsezi ndikuyankhula ndi bolodi. Pofuna kusuntha ndinkayenda cham'mbali ngati nkhanu.

"Aphunzitsi," anatero a Jumbe, "kuno kumbuyo kwanu kuli anthu akweza manja. Ena manja auma."

"Chonde a Jumbe, ndithandizeni kusankha mmodzi."

"Ndasankha amayi atsopanowa."

"Sankhaninso."

Madzulo ake ndinapempha akazi anga kuti akafikitse pempho langa kwa mayi awo, loti aganizire zophunzira kwina. Anayamba aseka mpaka kupukuta misozi, kenako anandifotokozera chimene chinawabweretsa. Mlamu wanga, mwana wawo wamwamuna, amayendetsa thiraki njira ya ku Beira, ndipo amawatumizira mauthenga pa foni. Popeza iwo sawerenga, ankapempha anzawo a pamsewu kuti awawerengere. Tsono uthenga wina, wonena kuti mlamuyo wasemphana ndi mkazi wake, unafika ku mjigo iwo asanafike kunyumba, ndipo pofika kumeneko unali utawonjezedwa kale mkazi wachiwiri ku Tete ndi mwana wa miyezi ingapo. Apongozi analumbira kuti foni yawo sidzagwiridwanso ndi munthu wina.

"Ndiye inu mukufuna ndikawauze kuti asiye sukulu chifukwa aphunzitsi akuchita manyazi?" anatero akazi anga. "Kawauzeni nokha."

"Mukudziwa bwino lomwe kuti zimenezo sizingatheke."

"Ndiye basi, nkhani yatha."

Ndinapemphanso kuti mwina azikhala kumbuyo. Yankho linabwera m'mawa mwake loti pempho langa lamveka, koma maso awo saona patali.

Ndinapitiriza kuphunzitsa bolodi kufikira Mayi Kamwendo atandiitanira pambali. "Bambo a Tadala," anatero, "anthuwa akufunika aziona pakamwa panu. Kodi 'o' amuphunzira bwanji pankhongo panu?"

Funsoli linali lomveka, ndipo ndinaliganizira mozama. Chimene ophunzira ankafuna chinali pakamwa. Chimene mwambo unkaletsa chinali nkhope yonse. Choncho panali pofunika njira yoperekera pakamwa popanda nkhope.

Phunziro lotsatira ndinafika molawirira, ndinalemberatu zonse pa bolodi, kenako ndinalowa pakati pa khoma ndi shelefu ya zaulimi ija. Ndinachotsa mabuku angapo pamlingo wa chibwano changa, n'kuika milomo pampatapo. Ophunzira atalowa anapeza mabuku ali ndi ndevu, ndipo ndevuzo zinawapatsa moni. Pampata wina wa m'munsi ndinatulutsira nsungwi yolozera pa bolodi. (Kuloza chinthu chimene sukuchiona ndi ntchito yovuta. Kangapo ndinalamula kalasi kuti iwerenge kofia ya a Jumbe.)

Njirayi inali ndi zovuta zake zing'onozing'ono. Mkulu wina amene anabwera kudzabwereka buku la ulimi wa mtedza anapisa dzanja pampata wanga, anagwira ndevu, ndipo anatuluka akukuwa kuti m'mabuku muli khoswe wonyowa. Koma vuto lalikulu linali lina. Ophunzira ena ankazungulira shelefu kudzandipeza, ndipo ndinkawagwira dzanja kuwasonyeza kakhotedwe ka zilembo, n'kuwaikira buku pafupi ndi maso. Apongozi okha sakanatha kutero. Anzawo atayamba kulumikiza mawu, iwo anali akadali kutsinzinira bolodi.

"Aphunzitsi," a Jumbe ankauza ndevu zanga, "amayi akuti zilembo zanu zikuoneka ngati nyerere zili pamaliro."

"Auzeni kuti dandaulo lawo lalandiridwa ndipo likuunikidwa."

"Amva okha. Ali pompano."

Kenako Mayi Kamwendo analengeza za tsiku la alendo. Kudzabwera a komiti ya laibulale ndi akuluakulu ena ochokera ku boma, ndipo wophunzira aliyense adzaimirira n'kuwerenga mokweza. Atatha kulengeza anabwera kuseri kwanga n'kunong'oneza kuti alendo sangayankhulane ndi shelefu, ndipo ngati nkhope yanga sidzaoneka tsiku limenelo, adzafuna mphunzitsi amene ali nayo. Kunyumba nako akazi anga anandiuza, osaseka ulendo uno, kuti mayi awo anena kuti akakachita manyazi pamaso pa alendo sadzapondanso ku laibulale, ndipo foni adzaiponya m'chimbudzi. "Ndipo mlandu wake udzakhala wanu," anatero.

Ndivomereze kuti apa mtima unandipweteka. Koma m'malo mochita chimene munthu wanzeru akanachita, ndinatenga chingwe ndi kukayeza. Ndinapeza kuti ndikaima pampando kuseri kwa shelefu, mutu wanga udzatulukira pamwamba pake. Alendo, okhala kumbuyo kwa chipinda, adzauona. Apongozi, okhala pansi penipeni pa shelefu, sadzauona pokhapokha atadzutsa khosi, ndipo iwo ndi munthu waulemu. Ndinakhutira kuti mbali zonse zakwaniritsidwa. Chimene chingwe sichinandiuze n'chakuti wowerenga amaimirira.

Tsikulo ndinavala jekete ndi tayi yanga yofiira. Alendo atakhala, mutu wanga unatulukira pamwamba pa mabuku n'kupereka mawu olandira alendo, amene ndinawakonza bwino kwambiri. Mlendo wina anayang'ana Mayi Kamwendo. Mayi Kamwendo anayang'ana kudenga. Ophunzira anayamba kuwerenga mmodzimmodzi, ndipo a Jumbe anawerenga chiganizo chonse n'kuwonjezera china chimene pa bolodi panalibe.

Kenako inafika nthawi ya apongozi. Anaimirira. Anayang'ana pa bolodi nthawi yaitali, milomo ikugwedera koma mawu osatuluka. Posowa chochita, anatembenuka kufuna thandizo kwa mphunzitsi wawo, ndipo ndinaona duku lawo likudzuka kulunjika kwa ine.

Ndinadzidzimuka n'kunyonyomala. Koma tayi yanga inali itakola pa msomali wa pamwamba pa shelefu, kotero kuti pamene ine ndinkatsika, shelefu inaganiza zonditsatira. Mpando unathawa. Ndinagwa chagada, shelefu inatsamira khoma pamwamba panga, ndipo ulimi wonse wa dziko lino unanditsanukira: chimanga, fodya, mbuzi, njuchi ndi kasungidwe ka manyowa. Buku lina lachikuto cholimba, limene linaikidwa m'gulu limenelo molakwika, ndi limene linasaina pamphumi panga. Ndauzidwa kuti kunja kunkangooneka nsapato, ndipo imodzi inkagwedezeka.

Abambo onse anali atafooka ndi kuseka. Amene anabwera anali apongozi. Munthu wosenza dengu la manachesi tsiku ndi tsiku saopa shelefu. Anaikankha n'kuiimika, anagwada, n'kuyamba kundifukula ngati chinangwa. Ndinkamva mabuku akuchoka pamimba, pachifuwa, pakhosi. Pomaliza linatsala limodzi, limene linandivundikira kumaso. Limenelo ndinaligwira ndi manja awiri.

Anakoka. Ndinagwiritsa. Anakokanso. Ndinagwiritsabe.

"A Jumbe, thandizani!" anatero Mayi Kamwendo.

A Jumbe anasuzumira, anaona chithunzi cha pachikuto, n'kubwerera. "Ena onse ndikanachotsa, mayi, koma limenelo chipembedzo sichilola."

Kukoka kuja kunaleka. Ndinamva mpweya wa apongozi pa zala zanga, kusonyeza kuti nkhope yawo inali pafupi kwambiri ndi chikuto. Zilembo za pamenepo zinali zazikulu ngati za pa thiraki, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire sukulu mphunzitsi wawo anali atawagwirira buku pafupi ndi maso. Ndinamva chala chikuyenda pamwamba pa mphuno yanga.

"Ku..." anatero. "Ku... we... ta." Chala chinatsikira pachibwano. "Nkhu... mba. Kuweta nkhumba!"

Nthungululu imene inalira m'laibulale tsiku limenelo inamveka mpaka kumsewu, ngakhale kuti pakhoma pali chikwangwani choletsa phokoso. Apongozi anabwereza mawuwo kachiwiri ndi kachitatu, akuloza pamene panayenera kukhala nkhope yanga. Mmodzi wa alendo anaomba m'manja n'kunena kuti kaphunzitsidwe kogwiritsa ntchito sewero n'kabwino, ndipo anafunsa ngati tingakakaonetsenso kwa Kanduku. Mayi Kamwendo anayankha kuti shelefu ndi imodzi yokha.

Pamenepo apongozi anandiyankhula mwachindunji, koyamba chikwatirire mwana wawo.

"Akamwini, chotsani bukulo mupume. Mukutuluka magazi."

"Amayi," ndinayankhira m'kati mwa nkhumba, "malinga ndi mwambo..."

"Mwambo wake uti? Akamwini anzanu ndimakwera nawo kabaza imodzi. Inu nokha ndi amene mumandithawa, mpaka ndinkaganiza kuti mwina ndimanunkha. Tsiku la chitedze lija ndinakumverani chisoni, koma ndikanakuitanani bwanji mukuthamanga?"

Ndinatsitsa bukulo pang'ono. Ali ndi nkhope yabwino, yofanana ndi ya akazi anga. Anang'amba kansalu n'kundimanga pamphumi, kenako anandisendera nachesi.

Pomaliza, ndikufuna kudziwitsa owerenga zotsatirazi. Udindo wanga sunachotsedwe. Apongozi akupitiriza sukulu, ndipo mabuku a zilembo zikuluzikulu amawabwereka kupita nawo pamsewu. Posachedwapa foni yawo inalira ali pakhonde pathu. Anaiyandikiza kumaso, anagwedeza milomo nthawi yaitali, anaseka okha, n'kuibweza m'chitenje. Ndinafunsa mwaulemu ngati mlamu ali bwino.

"Uthengawu ndi wanga," anatero.

Mpaka lero palibe amene akudziwa zimene unanena, ngakhale ine amene ndinakhetsera magazi maphunziro awowo.

Tsopano ndimaphunzitsa nditaima kutsogolo monga anthu ena. Komabe buku la nkhumba lija ndimakhala nalo m'manja, ndipo ndikamatembenukira ku benchi ya kutsogolo limakwera lokha kufika pamphuno. Ndalemberanso a komiti kupempha kuti shelefu ikhomeredwe kukhoma ndi misomali yolimba, koma asiye mpata wokwana munthu mmodzi kuseri kwake. Ndamva kuti achemwali awo a apongozi akufuna kuyamba nawo kalasi mvula ikatha, ndipo za iwowo amalume sanandisiyire malangizo omveka bwino.