A Pilato Operekeza Mabuku

Ku Likhubula kuno sikunakhaleko munthu wokayikira anzake ngati malemu a Pilato. Ukawapatsa moni, ankayamba ayang'ana kumbuyo kwako kuti aone amene wakutuma.

Amishoni atatumiza bokosi la mabuku oti anthu azibwereka pasukulu pathu, kiyi ndinapatsa a Pilato, poti anali munthu wosamala. Kuwerenga sankadziwa, koma ankadziwa kuti pepala la m'buku limapichira fodya bwino kuposa khoko la chimanga.

Tsiku lina kunabwera a Yakobo, othyola tiyi, amene anaphunzira kuwerenga atakula kale.

"Ndibwerekeniko buku, achimwene."

"Tambasulani manja." A Pilato ananunkhiza zala zonse khumi. "Mwasuta."

"Ndinasiya kalekale, chaka cha dzombe."

"Ndiye mukufuna kuyambiranso ndi buku langa."

Ngakhale mayi Rute, amene fodya sanamulawepo, anabwezedwa. Akuti amuna awo ankatsokomola mokayikitsa.

Patatha miyezi isanu, mzungu wa ku mishoni anapeza mabuku onse ali chitsekere. Anati ngati kuno kulibe owerenga, bokosilo lipita ku Limbuli. A Pilato anandikokera pambali.

"Aphunzitsi, ameneyu a ku Limbuli amudyetsa nkhuku. Ndipo kumeneko amasuta ndi akazi omwe."

"Ndiye bwereketsani mabukuwo, bambo, apo ayi atilanda."

Anaganiza masiku awiri. "Ndibwereketsa, koma buku silipita lokha."

Kuyambira pamenepo, buku likatuluka, a Pilato ankalilondola pambuyo atanyamula kampando kawo. Ankakhala pakhonde pa wobwerekayo, maso ali pa zala. Wowerenga chamumtima sankamulola. "Mokweza, a Yakobo. Ndidziwa bwanji kuti simukusankha tsamba lofewa?" Anansi ankabwera kudzaonerera mkangano, n'kupezeka akhala pansi kumvera nkhani. Mzungu uja atabweranso anapeza anthu makumi awiri atazungulira buku limodzi, ndipo bokosi silinachoke. A Pilato anati ameneyo wangopita kukakonza chiwembu china.

A Pilato tinawaika m'manda mvula itangoyamba. Tsopano kiyi ndikusunga ndine, ndipo aliyense wofuna buku ndimamupatsa. Anthu amakawerengera m'nyumba mwakachetechete, ndipo makonde angoti zii. Dzulo mayi wina wosadziwa kuwerenga anandiimitsa panjira, nandifunsa kuti nkhani ya pakhonde pa a Yakobo ija idzapitirira liti, poti inalekera pakati.