Pepala la Bambo Wolta

Lolemba
Bambo Wolta, agogo achizungu omwe ndimawasamalira kuno ku Laurel, andituma ntchito yaulemu. Iwowa amatolera masatifiketi akalekale a masheya, a makampani a njanji aja ankanyamula mafuta atangotulukiridwa kumene. Makampaniwo adafa kalekale, koma mapepalawo ndiye moyo wawo. Maso adasiya kuona, choncho pepala lapamtima amalidziwa ndi chala: lili ndi chidindo chotupa pakona, amachisisita m'mawa uliwonse. Loweruka anzawo otolera akukumana ku College Park. Miyendo yakana, ndiye ndikalionetse ndine. "Ulisamale," akutero. Akuuza ine? Kusamala mapepala ndidabadwa nako!

Lachiwiri
Ndaliyang'anitsitsa. Zachisoni.
- makwinya anayi
- m'mphepete modyekadyeka
- fungo la m'sutikesi
Sitima yojambulidwapoyo ndi yokongola, utsi tolotolo. Koma lingapite pagulu chonchi, ngati lilibe mwini?

Lachitatu
Ndalisita. Simbi yofunda pang'ono, kansalu pamwamba. Makwinya atatu apita, limodzi lakanirira. Pakona payamba kung'ambika. Mayo ine!

Lachinayi
Ndaimbira achemwali ku Zomba. "Iwe, osangolamineta bwanji? Satifiketi yako ya Fomu 4 sidapulumuke denga litadontha?" Zoonadi! Kwathu pepala lofunika timalimata m'pulasitiki: la ubatizo, la ukwati, la sukulu. Mayi a pashopu yolamineta andifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Anthu akuno kukonda mafunso!

Lachisanu
Likunyezimira! Ndadonthezapo tiyi kuti ndiyese. Osalowa. Bambo Wolta sindinawauze, adzamvere kwa anzawo akamandiyamikira.

Loweruka
Azibambo a imvi okhaokha, ena atavala magolovesi oyera. Mapepala awo onse othethekatheka. Ndawamvera chisoni, ndatulutsa langa monyadira. Wina wavula magalasi. Wina wafuna mpando. "Wachita zimenezi ndani?" Akuti pulasitiki imeneyi sichoka, ukaikanganula imachoka ndi pepala lomwe. Ndalira njira yonse yobwerera.

Lamulungu
Kutchalitchi sindinapite. Ndaulula zonse kwa Bambo Wolta, ndawapatsira pepalalo m'manja. Chala chikuyenda pakona, chikufunafuna chidindo chija. Pali see. Ine ndikungofuna nthaka itandimeza. Kenako: "Lidapulumuka moto, lidapulumuka malemu mkazi wanga. Koma Mmalawi lamulephera." Aseka mpaka kutsokomola. Ine kuseka kwandikanika, manyazi ndi chisoni.

Atatha kuseka anditambasulira dzanja, ati ndiwagwire chala ndichiike pomwe pali chidindo, poti okha sangapapezenso. Ndachiika. Asisita pulasitikiyo pang'onopang'ono.

Basi, ntchito yanga yawonjezekera. Mankhwala, phala, kenako chala. Mawa m'mawa ndichiikanso.