Mpanda wa Nkhadze

Lolemba

Mayi a kunyumba, aNachisale, anyamuka m'mawa kupita ku Lifuwu kukathandiza mwana wathu wamkazi kumweta mpunga. Abwera Lamulungu. Andisiyira kadimba kawo ka kuseri kwa nyumba, ka mpiru ndi tomato, ndi liwu limodzi lokha: "Mbuzi."

Mbuzizo ndi za a Che Amidu, oyandikana nafe. Mpanda wa bango chiswe chinamaliza kale. Ndiye ine ndaganiza: nkhadze. Chilala sichiiopsa, chiswe chimailambalala, chaka chonse ili biriwiri. Pobwera adzapeza linga.

Zofunika: chikwanje, khasu, ndowa, msana wabwino. Chomalizachi ndilibe.

Zilembozi ndaphunzira ndili ndi imvi, ku sukulu ya kwacha. Pakamwa pamathamanga, pensulo ikutsimphina m'mbuyo.

Lachiwiri

Ndikudula nthambi pa khola lakale la malemu alamu anga. Mkaka wake uli chuchuchu, woyera ngati wa ng'ombe. A Che Amidu akudutsa, akuti: "Achimwene, ziyanikeni kaye pamthunzi mabala aume. Ndipo musathirire."

Mwini mbuzi kundilangiza za mpanda! Fisi kukuonetsa pomanga khola. Ndabzala lero lomwe, ndathira madzi mpaka matope. Ndinakulira m'bwato ine, chamoyo chokana madzi sindinachione. Nthambi zotsala ndataya kudzala.

Lachitatu

Mpanda ukulekeza m'mawondo. Mbuzi yakuda, mtsogoleri wa zinzake, yangoudumpha osauyang'ana n'komwe.

Ndapita kukadandaula. Yankho: "Ano ndi matipate, achimwene, nazo mbuzi zili pa ufulu." Ndayamba kuwasimbira za tonde wa atate anga, uja anatafuna ukonde wonse n'kumwera madzi a m'bwato. Nkhani sinafike n'pakati pomwe, kumbuyoku mzere wa mpiru wapita.

Ndathiriranso, kuti ikule msanga. Madzulo ndathiriranso.

Lachinayi

Pansi sipakukhalika. Ndazula nthambi imodzi kuona ngati mizu yatuluka. Palibe. Ndabwezera. Ndazula ina. Thukuta lili kamukamu, ndapukuta kumaso ndi dzanja lomwelo.

Moto m'diso! Tsabola ndi mwana.

Mankhwala ake aliyense amawadziwa: mkaka wa m'mawere. Koma woyamwitsa pamudzi pano ndi mmodzi yekha, mkazi wa mwana wanga Yohane. Mpongozi wanga weniweni, amene tikakumana panjira iye amalowa patchire, ine n'kumayang'ana mitambo.

Wafinyira m'supuni ali kuseri kwa nkhokwe. Wonyamula supuni, a Che Amidu. Mawu akuchokera kuseriko: "Auzeni bambo akweze nkhope." A Che Amidu akudontheza, mapewa akugwedera ndi phwete: "Pepani achimwene. Ena timayamwa ndi pakamwa tili makanda, inu mwadikira imvi kuti muyamwe ndi diso."

Ndatsinzina, mkaka ukutsetsereka patsaya.

Lachisanu

Diso latupa, ndamanga kansalu. A Che Amidu apita ku mzikiti. Mbuzi zawo sizipemphera.

Ndikulondera ndi diso limodzi, ndipo zazindikira mbali yakufayo. Ndikatembenuka kuthamangitsa iyi, iyo yalowa. Tomato wa kumzere wa kunyanja watha ndi maluwa omwe.

Mayi wina wa kumtunda, wogula usipa, waima pamsewu. Waona dothi lonyowa, nkhadze kuzungulira, nkhalamba ili pansi misozi ili mbwembwembwe. Kwawo nkhadze amabzala pamanda. Wagwada: "Pepani agogo, sitinamve. Atisiya liti amayi?"

Ndati abwera mkuja. Wachoka chothamanga.

Ndathirira, pang'ono chabe.

Loweruka

Nkhadze yapendama ngati anthu ochokera kumowa. Ndazula: kutsinde kwada, kwafewa ngati nthochi yoola, kafungo juu. Yonse.

Ndapita kudzala kukataya. Zija ndinataya Lachiwiri zili gone padzuwa, mabala auma, zolimba, zobiriwira bwino. Palibe anazipatsa ngakhale dontho. A Che Amidu sindiwauza.

Zotsala m'dimba: zitsa za mpiru, tomato mmodzi wopanda mutu, manyi a mbuzi, mapazi anga.

Ndikukonza zodzanena mawa. Ndayesa nkhani ya anyani ochokera kuphiri. Ndayesa ya kamvuluvulu. Koma supuni ija mudzi wonse ukuidziwa.

Lamulungu

ANachisale afika mpunga uli pamutu. Nkhani yawapeza pa Khombedza, ali m'minibasi, yonse mpaka ya maliro awo.

Ayang'ana diso. Ayang'ana dimba. Atula thumba. "Mpunga ndabwera nawo. Ndiwo ndi ziti, nkhadze?"

Ndatsegula pakamwa kuti ndiyambe za anyani. Akweza dzanja. Apita kudzala, atola nthambi zouma mabala zija, azibaya m'dothi louma, apondaponda ndi chidendene, basi. Ndowa alowa nayo m'nyumba. "Mtengo uwu umafuna munthu wouiwala. Inu musauyandikire."

Ndafunsa kuti udzatchinga liti mbuzi. Akuti mwina dzinja likubwerali likapita, linzake n'kupitanso. Andiyalira mphasa pakona pa dimba, andipatsa ndodo, akukonza nazale ina.

Mbuzi yakuda yaima patsidya, ikubzikula, ikundiyang'ana mbali ya kansalu. Mpaka nthawi imeneyo, mpanda ndine.